Maso a Dona Rozalina Analibe Vuto

Zikomo a kumpando pondipatsa mpata. Abale anzanga a zamagetsi, manjawo dikirani kaye, musandiombere. Mukamva zimene ndabwera nazozi mwina muwabweza m'thumba.

Ine ndine Zefirino. Inu okonza mafoni kuseri kwa merikado, msika wathuwu, mumandidziwa, chifukwa ena mwa inu munandidzutsapo m'ngalande ya pa baraka ya kachasu ija dzuwa lili paliwombo, nsapato imodzi itasowa. Kwa amene simundidziwa, kwathu ndi kufupi ndi Fonte Boa. Ndinaphunzira pa mishoni, zamagetsi ndinakaphunzira ku Tete. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ndinalakwa chifukwa cha umbuli. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikuchita.

Ndinkagwira ntchito mu ofisina ya a Bonifasiyo konkuno ku Ulongwe. Tinkapanga timabokosi toyendetsa mabomba a madzi, aja a dzuwa amene alimi amathirira nawo kachewere kumadimba. Paineli pamtunda, bomba m'madzi, pakati kabokosi kathu. M'kabokosimo mumakhala matranzisitolo, tinthu takuda ta miyendo itatu tija, ndipo moto wonse wochokera ku paineli umadutsa mwa iwo. Akakhala ofooka, dzuwa likakula amapsa, bomba n'kuima.

Ntchito yanga inali yogula mapesa, tizipangizo ta m'timabokosimo, ndi kusunga mfungulo wa chipinda cha katundu. Yowotcherera inali ya a Dona Rozalina, mayi wamkulu kwa ine, wamasiye wa ana anayi. Dzanja la mayi amene uja, abale, sindinalionenso kwina. Akadontheza mtovu pa mwendo wa pesa, unkakhala wosalala moti a Bonifasiyo ankaitana alendo kuti adzaone. Nkhani yanga ndi ya mayi ameneyu, ndi momwe ndinatsala pang'ono kuwatsekeretsa m'kadeya pa mlandu wanga.

Zinayamba chaka chimene magulu a alimi anafuna timabokosi tambiri nthawi imodzi, ndipo loja ya ku Tete kumene tinkagula inachedwa ndi katundu. Pa Kalomwe, pa malire paja, ndinakumana ndi munthu wina amene anthu ankangomutcha Pirimu, chifukwa iyenso ankatcha aliyense pirimu, ndiye kuti msuweni. Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero. Ananditengera kuseri kwa malole n'kumasula chikwama.

"Pirimu, taonani. Nambala yomweyo, chizindikiro chomwecho. A ku Tete aja amatenga komwe ndimatenga ine, kungoti iwo amawonjezerapo za alonda ndi za magetsi a m'loja."

Mtengo unali wotsika moti chotsala chikanalowa m'thumba mwanga popanda woona. Ndinagula. Mu shapa, minibasi yathu ija, pobwerera ndinatulutsa tranzisitolo mmodzi n'kumamukanda ndi chikhadabo, mongotayitsa nthawi. Utoto wakuda unasupuka, pansi pake panaoneka nambala ina. Anali mapesa akale, ochotsedwa m'zinthu zakufa, opakidwa utoto n'kulembedwanso. Shapa inali isanapite patali, ndikanatha kutsika n'kubwerera. Ndinapukuta chala pa buluku n'kumayang'ana pazenera.

A Bonifasiyo anali ndi lamulo lakuti kaisha iliyonse, bokosi la mapesa, ikafika, atengemo asanu ayese pa makina. Koma ankatenga pamwamba, nthawi zonse pamwamba. Tsono ine ndine mwana wa mlimi wa kachewere. Ndinakula ndikuona bambo anga akuyala thumba: ting'onoting'ono ndi tobooka pansi, zikuluzikulu zosalala kukamwa, kenako kusoka. Tonse kuno timazidziwa, n'chifukwa chake wogula wochenjera amang'amba thumba pamimba. Ine ndinachita zomwezo ndi kaisha. Ndinkagula enieni ochepa ku Tete, fatura yake, lisiti la ku loja, n'kuikonza ndi cholembera kuti ioneke ngati ya kaisha yonse, iwo n'kuwayala mzere wa pamwamba. Pansi ponse a Pirimu. M'mawa popereka mapesa a tsikulo kwa a Rozalina ndinkatapa pansi, mzere wa pamwamba n'kuubwezera mwakale.

Tsiku lina a Rozalina anandiitana pa tebulo lawo.

"A Zefirino, miyendo ya awa ikukana mtovu. Kodi ndi omwe aja?"

Ndikanangoti sindikudziwa, zikanathera pomwepo. Koma mverani zimene zinatuluka pakamwa panga.

"Ndi omwe aja, a Dona, a shefi Bonifasiyo ayesa okha. Kapena ndi maso? Pajatu zaka zapita."

Ndinanena moseka. Iwo sanaseke. Anayang'anitsitsa pesa ija nthawi yaitali, kenako anati, "Kapenadi."

Miyezi yozizira timabokosi tinagwira ntchito, ine n'kumayenda mwamatama ndi foni yatsopano. Mowa ndinkamwa kale, koma tsopano unali wa tsiku ndi tsiku. Kenako kunabwera dzuwa la Otubulo. Kabokosi koyamba kanapsa masana, ka mlimi wa kumtunda. Mawa lake awiri. Sabata isanathe, njinga zinali ndondondo pakhomo pa ofisina, aliyense ndi kabokosi konunkha utsi. Kachewere anali pamaluwa, nthawi imene safuna kusowa madzi ngakhale masiku atatu. Anthu anabwerera ku ndowa, azimayi ndi ana omwe, koma dimba limene munthu wakulitsa podalira bomba sangalimalize ndi ndowa.

A Bonifasiyo ankatsegula kabokosi kalikonse, n'kupeza papsa pa tranzisitolo, pomwe pali mtovu. Akayesa mapesa a m'kaisha, abwinobwino. Ndiye chatsala n'chiyani? Dzanja la wowotcherera. A Rozalina anakagula magalasi a pa merikado, aja amayala pansi pamodzi ndi zipeso. Tebulo analikokera pazenera. Malo amodzi ankawotcherera kawiri, nthawi ya chakudya osadzuka. Ine ndinkawaona tsiku lililonse, nkhope itagunda pa ntchito, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sindinkatha kuwayang'ana ndili bwinobwino, choncho ndinayamba kumwa m'mawa ndisanatsegule chipinda cha katundu. Masiku a m'ngalande aja ndi amenewa. Mkazi wanga anatenga ana n'kupita kwa amayi ake. Ndinamuuza kuti apite, ine ndili ndi mavuto a ku ntchito amene iye sangawamvetse.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndadzera pano.

Linali Lachitatu, dzuwa litangokwera. Kunabwera alimi gulu, otsogoleredwa ndi mkulu wina, a Mbewe, ndipo anabwera ndi wapolisi. Timabokosi takupsa anatikhuthula pa simenti pakati pa ofisina. A Mbewe sanalandire mpando.

"Bwana Bonifasiyo, ife sitinabwere kudzacheza. Dimba langa lauma lili pamaluwa, ndipo mbewu ya chaka chamawa inali momwemo. Kumudzi kwamveka kuti mayi wanuyu amaba mtovu wabwino n'kumamata ndi wa m'mabatire akale. Lero tikufuna munthu. Ngati si mayiyu, ndinu."

Mphekesera imeneyo sindinaiyambitse ine, koma ndinaimva pa baraka kangapo ndipo ndinkangogwedeza mutu ngati womva chisoni.

A Bonifasiyo thukuta linali chuchuchu. Anati, "Zefirino, bweretsa kaisha, tiyese anthuwa akuona."

Ndinaibweretsa. Ndinaigwira ndekha, iwo n'kutapa pamwamba monga mwa masiku onse. Woyamba pa makina, singano inakwera mpaka pamalo pake. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, wachinayi, wachisanu. Onse abwino.

"Mwaona nokha," anatero a Bonifasiyo, mawu ali pansi. "Mapesa alibe vuto."

Maso onse anatembenukira pazenera. A Rozalina anavula magalasi aja n'kuwaika pa tebulo. Anavula chovala cha ntchito, anachipinda bwinobwino. Kenako mayi wamkulu uja anagwada pa simenti, pakati pa timabokosi takupsa.

"Abambo, kuba sindinabe, Mulungu akundiona. Koma maso anga atha. Ndinazindikira kale, ndinabisa chifukwa cha ana. Ndine ndakupherani minda. Ndikhululukireni."

Abale, sankanama kuti apulumutse munthu ayi. Ankakhulupirira ndithu kuti ndi iwo. Bodza limene ndinaponya moseka lija linali litamera mizu m'mutu mwawo.

Wapolisi anati, "Dzukani mayi, zina mukanena kutsogolo."

Ine apo ndinali nditapulumuka. Palibe amene ankandiyang'ana. Kaisha ili m'manja, chipinda cha katundu chili kumbuyo kwanga, ndikanangolowa, kutseka, n'kutulukira ku baraka. Ndipo ndikuuzeni zoona, phazi linali litatembenuka kale. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindinaone kuwala kulikonse. Amene anayankhula ndi a Rozalina, akudutsa pafupi nane wapolisi ali kumbuyo.

"A Zefirino, mukauze mwana wanga wamkulu asandidikire, aphikire anzake. Chitsulo changa chowotchereracho muchizimitse, chingatenthe tebulo." Kenako anati, "Inu munandichenjeza za masowa, ine sindinamve. Zikomo."

Anandithokoza. Munthu akupita kukatsekeredwa pa mlandu wanga, n'kundithokoza chifukwa cha bodza langa. Ndinadzida, abale, kudzida kwenikweni, kuposa momwe ndinadera munthu aliyense chibadwire.

A Rozalina anali atafika pakhomo pamene ndinatembenuza kaisha ija. Khuthu pa tebulo! Mapesa anangoti mbwee, ena kugwera pansi.

"Yesani awa," ndinatero. Mawu sanatuluke bwino, ndinabwereza mokweza. "A shefi, yesani a pansiwa."

"Waledzera iwe?"

"Ndaledzera, koma yesani."

A Bonifasiyo anatola mmodzi. Singano inangodzuka pang'ono n'kugwa. Wachiwiri anatentha m'manja mwawo mpaka anamutaya. Ndinatenga nyundo, ndinaswa mmodzi wa pamwamba ndi mmodzi wa pansi, n'kuwaika pamodzi. Mwa weniweni kamtima ka m'kati kanali kakakulu ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Mwa wa Pirimu, kanjere ka mawere. Kenako ndinanena zonse: za ku Kalomwe, za fatura, za mzere wa pamwamba, za m'mawa uliwonse.

A Mbewe anatola zidutswa ziwiri zija n'kuziyang'ana pa chikhatho. Samadziwa zamagetsi, koma izi anazimva msanga kuposa a Bonifasiyo.

"Mwana iwe," anatero, "watiyalira thumba."

Pamenepo ndiye chipwirikiti. Wina anandimenya ndi mpope wa njinga apa, chipsera ndi ichi. Akanapanda wapolisi uja bwenzi lero mulibe wokuyankhulani. Koma chimene chimandiwawa si mpope. Pamene ankanditulutsa, a Rozalina anali chiimire pakhomo pomwe paja. Anandifunsa funso limodzi lokha, motsitsa.

"Ndiye kuti maso anga ali bwino?"

"Ali bwino, a Dona."

Anandiyang'ana osaphethira. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinakhala m'kadeya miyezi isanu ndi itatu. Masabata oyamba thupi linkafuna kachasu mpaka kumaona nyerere pakhoma pamene palibe. Mowa ndinasiyira mmenemo, ndipo sindidzitama nazo, chifukwa munalibe wogulitsa. Kudzitama kwanga n'kwakuti chitulukireni ndimadutsa pa baraka ija tsiku lililonse ndipo sindinalowemo. Pirimu sanapezeke. Ndikukhulupirira kuti akadali pa ntchito, mwina ndi chipewa china, mwina ena mwa inu muli ndi nambala yake m'foni. Musayang'ane pansi, ine sindikutchula munthu.

A Bonifasiyo sanandilembenso ntchito, ndipo sindiwadandaula. Anasintha timabokosi tonse tomwe tinatsala, ofisina inatsala pang'ono kutsekedwa. Ine lero ndimakonza mawailesi pakhonde, ndipo ena mumandibweretsera mapesa kuti ndiwaone musanawagwiritse ntchito. Mumati wakuba ndiye amadziwa pobisa, ndipo simunama. Mkazi wanga anabwerera chaka chatha, atandiyang'anira patali nthawi yaitali.

Tsono mverani zimene ndinaphunzira, popeza ndinazilipira ndi thupi langa.

Wogula asakhale woyesa, ndipo asakhale yekha ndi mfungulo. Ngakhale akhale mlamu wanu, ngakhale aziimba kwaya. Ine chinandiwononga ndi chakuti njira yonse, kuchoka kwa wogulitsa mpaka pa tebulo la wowotcherera, inkadutsa m'manja mwanga ndekha.

Kaisha ikafika muikhuthule yonse. Tengani pamwamba, pakati, pansi, ndi m'makona. Kathonje konyowetsa ndi asetona, uja azimayi amachotsera utoto wa zikhadabo, mupukute pamsana pa pesa. Thonje likada, imani pomwepo. Yang'anani miyendo padzuwa: ikakhala ndi timabala kapena totsalira ta mtovu, pesa imeneyo inagwirapo kale ntchito kwina. Ndipo musamve chisoni kuswa mmodzi ndi nyundo. Sungani weniweni woswa kale m'kabotolo kuti muzifanizira. Ena mumati kuswa pesa yatsopano n'kuwononga. Pitani mukafunse a Mbewe kuti kuwononga n'chiyani.

Fatura musangoiwerenga, imbani foni ku loja imene yalembedwapo, mufunse ngati katundu ameneyo anachokadi kwawo komanso kuchuluka kwake. Yanga ija foni imodzi yokha ikanaigwetsa. Mukapanga chinthu, musachiyese mumthunzi m'mawa n'kunena kuti chatheka. Chiikeni padzuwa la masana, bomba likukoka madzi, maola angapo, mugwire ndi dzanja. Ndipo mapesa abodza mukawapeza muwaphwanye. Musawabwezere kwa mwini wake, chifukwa mawa akawagulitsa kwa mnzanu wakhala pambali panuyo.

Chachikulu n'chakuti munthu wa pa tebulo akakuuzani kuti pesa ikukana mtovu, mumumvere. Iye ndiye amaigwira tsiku lonse. Makina anayesa asanu, a Rozalina anagwira onse, ndipo anazindikira miyezi inayi chinthu chisanapse.

Inu amene mwayamba kale, amene muli ndi kaisha yoyala kunyumba kapena ku ntchito, ndikudziwa mmene mukumvera pakali pano. Mukudziuza kuti ulendo uno wokha. Inenso ndinkatero. Pitani mukaikhuthule nokha lisanafike dzuwa la Otubulo, chifukwa zikadzapsa mlandu sudzayamba ndi inu. Udzayamba ndi munthu wosalakwa amene ali pafupi ndi moto.

Nditatuluka m'kadeya ndinapita kwa a Rozalina ndi malume anga, monga mwa mwambo, titanyamula nkhuku, kukapepesa. Anatiyalira mphasa, anatimvera mpaka kumaliza. Kenako anati:

"A Zefirino, kukhululuka ndinakhululuka kale, chifukwa ndimafuna kulandira Ukaristiya ndi mtima woyera. Koma tamverani. Amene anamva kuti si ine ndi anthu aja anali mu ofisina tsiku lija. Amene anamva kuti ndine wakuba ndi midzi yonse kumene kunapsa mabomba. Mpaka lero mlimi akabwera amanong'oneza a shefi kuti kabokosi kake ndisakagwire ine. Mwana wanga ku sukulu amamutcha mwana wa wakuba mtovu. Nkhuku yanuyi tengani. Ngati mukufuna kundipepesa, pitani kumene linafika bodza, mukanene ndi pakamwa panu."

Ndiye ndimapita. Lamulungu lililonse ndimakwera njinga, ndimapempha mpata Misa ikatha kapena pa msonkhano wa alimi, n'kuima monga ndaimira panomu. Kwina amandimvera. Kwina anandithira madzi a m'ndowa, kwina anandiuza kuti ndichoke asanandithyole miyendo. Ndinkaganiza kuti ndikazungulira midzi yonse ndimaliza. Koma mwezi wathawu ndili mu shapa, azimayi awiri kumbuyo kwanga ankakamba za mabomba, wina n'kunena kuti, "Musakagule ku Ulongwe, kuli mayi wina wakhungu amene amaba mtovu." Ndinatembenuka n'kuwauza kuti mayiyo sanabe kanthu, wolakwa ndine. Anandiyang'ana, n'kuseka. Wina anati, "Abambo awa ndiye amwa m'mawa." Ndinatsika pa merikado misozi ili m'maso, chifukwa azimayi amenewo anali a mudzi umene ndinapitako kawiri.

Ndekha sindikwanitsa, abale. N'chifukwa chake ndapempha mpata uno. Inu mumayenda, mumakwera madenga kuika mapaineli, mumalowa m'midzi imene njinga yanga sinafike. A Rozalina ndinawapempha kuti abwere lero adzamve ndikunena pamaso panu. Anakana. Anati atopa kuima pakati pa anthu kuti aziwayang'ana.

Choncho ndikupempheni chinthu chimodzi. Kulikonse kumene mukamve munthu akunena za mayi wa ku Ulongwe amene anatentha mabomba, musangodutsa. Imani, mumuuze kuti mayiyo sanabe mtovu ndipo maso awo ndi abwino. Akakufunsani kuti nanga anatentha ndani, musazungulire, musandimvere chisoni. Mukatchule dzina langa. Ndine, Zefirino.